Kompyuta si kabati ya mbale za alendo

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndabwera ndi mkangano. Ena a inu mukwiya, chifukwa chinthu chimene ndikufuna kudzudzula munagula kale ndipo chili pa tebulo m'chipinda mwanu chikuthwanima. Pirirani, werengani mpaka kumapeto, kenako mukwiye muli ndi mfundo.

Ndikunena za bokosi la kompyuta ya magemu, limene ogulitsa amalitcha kesi. Fasho imene yafala zaka zapitazi ndi ya kesi ya galasi kutsogolo, galasi m'mbali, ndi mafani owala mitundu yonse ya utawaleza. Mnyamata akayamba ntchito, n'kusunga ndalama miyezi 6 kuti amange kompyuta yake yoyamba, chithunzi chimene amanditumizira pa WhatsApp chimakhala cha kesi yotereyi, ndi funso lakuti, "Sir, iyiyi mukuiona bwanji?" Palibe ndi mmodzi yemwe amene amafunsa kuti mpweya udzalowera pati. Ine maganizo anga ndi awa: kesi ndi njira ya mpweya. Ntchito yake ndi kulowetsa mpweya wozizira, kutulutsa wotentha, kutchinga fumbi, ndi kulola dzanja la munthu kulowa m'kati pokonza. Kesi imene yalephera zinthu zinayi izi pofuna kuoneka bwino ndi kabati ya mbale za alendo, ndipo wogulitsa amene akuitcha ya magemu akukunamizani.

Tiyambe ndi Physics ya MSCE, ija ambiri a inu munkasinza nayo masana. Mphamvu sitayika, imangosintha mtundu. Magetsi amene kompyuta imakoka pa soketi, pafupifupi onse amathera kukhala kutentha. Graphics card ya RTX 3060, imene anyamata ambiri angaifikire, imadya mawati 170. RTX 4090 imene Nvidia inatulutsa mu 2022 imadya mawati 450, ndipo RTX 5090 ya mu 2025 imafika mawati 575. Onjezanipo processor, imene ikakhala Core i9-13900K imatha kukoka mawati 253 payokha. Apa mwaona kale kuti kompyuta yamphamvu ya magemu ndi hita yotsekeredwa m'bokosi.

Tengani cholembera. Tiyerekeze kompyuta ikutulutsa mawati 500, ndipo mukufuna kuti mpweya wotuluka ukhale wotentha ndi madigiri 10 okha kuposa wolowa. Kutenthetsa kilogalamu imodzi ya mpweya ndi digiri imodzi kumafuna ma joule pafupifupi 1,000. Gawani 500 ndi 10,000, mupeza makilogalamu 0.05 pa sekondi. Mpweya wodzaza kyubiki mita imodzi umalemera makilogalamu pafupifupi 1.2, choncho 0.05 ija ndi malita pafupifupi 42. Ndowa ziwiri za malita 20, zodzaza ndi mpweya, ziyenera kudutsa m'bokosimo sekondi ILIYONSE. Ku Lilongwe, kumene kuli pamtunda wopitirira mamita 1,000, mpweya ndi wopepukirapo, ndiye pamafunika wochulukirapo.

Tsopano yang'anani kesi yanu ya galasi kutsogolo ija. Mafani atatu ali kuseri kwa galasi, atatsala pang'ono kuligunda. Mpweya umalowera pa kampata ka m'mbali kosaposa chala. Mundiuze, ndowa ziwiri zija zidutsa pati? Mafaniwo amazungulira ndithu, amawala, amalira, koma akungotakasa mpweya womwewo. N'chimodzimodzi kumata ndi dothi mabowo a mbaula kenako n'kumadabwa kuti makala sakuyaka.

Opanga makesi eni ake amadziwa zimenezi. Mu 2019 kampani ya NZXT inatulutsa kesi ya H510, yosalala bwino, yotsekeka kutsogolo, ndipo inagulidwa kwambiri. Anthu amene amayesa zipangizozi ndi ma thermometer, monga Steve Burke wa Gamers Nexus ku America, akhala akudzudzula makesi otsekeka kutsogolo chifukwa chotenthetsa zida. Mu 2021 NZXT yomweyo inatulutsa H510 Flow, kesi yomweyo koma kutsogolo kwake kuli chitsulo cha tizibowo. Kampani ya ku Sweden ya Fractal Design inali itatulutsa kale Meshify C mu 2017, ndipo Corsair inatulutsa 4000D Airflow mu 2020, onsewa a tizibowo kutsogolo. Ngati kampani yafika polemba dzina la mpweya pa katoni, ndiye kuti yavomera kuti mpweya unali vuto. Chodabwitsa n'chakuti fasho imene eni ake anayamba kuikonza, ife ndi pamene tikuithamangira, makamaka m'makesi otchipa ongotengera maonekedwe.

Ndipo ife tili ndi chifukwa chachikulu chosamalira kuposa iwo. Oyesa aja amayesera m'zipinda zozizira, za madigiri ongopitirira 20 pang'ono. Fani sipanga kuzizira. Imangobweretsa mpweya wa m'chipinda, ndipo chipinda chikatentha ndi digiri imodzi, processor nayonso imakwera ndi pafupifupi digiri imodzi. Taganizani za chipinda cha malata chopanda siling'i mwezi wa Okutobala. Taganizani za Chikwawa ndi Nsanje, kumene nthawi imeneyo kutentha kumatha kupitirira madigiri 40. Processor imene inkaonetsa madigiri 78 mu kanema wa pa YouTube uja, kwanu ionetsa 90 ndi kanthu. Ma Ryzen 7000 ambiri a AMD malire awo ndi madigiri 95, ndipo ambiri a Intel ndi 100. Ikafika pamenepo imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse. Mwalipira ndalama ya liwiro lonse, koma mukulandira gawo chabe, ndipo amene wakuberani ndi galasi.

Kutentha kumadulanso moyo wa zida. Opanga ma capacitor, timabotolo tija timene tili mu power supply, ali ndi lamulo lodziwika lakuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa capacitor umatsika ndi theka. Mnyamata wa ku London graphics card ikafa amaibweza ku shopu pa waranti. Nanga inu amene munaitanitsa kuchokera ku Johannesburg kapena ku China kudzera mwa msuweni wa mnzanu, mukaibweza kwa yani? Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse cha m'bokosimo chimagulidwa ndi ndalama yakunja. Chida chimene mwagula lero chiyenera kukhala zaka zambiri, chifukwa chachiwiri simudziwa kuti mudzachikwanitsa liti.

Tibwere ku fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fumbi limalowa paliponse, ngakhale m'sutukesi yotseka. Likamatirira pa zipsepse za chitsulo zimene zimaziziritsa processor ndi graphics card, limakhala ngati bulangete. Kesi yabwino imakhala ndi sefa ya fumbi pamalo onse olowera mpweya: kutsogolo, ndi pansi pamene power supply imapumira. Sefayo iyenera kusololoka mosavuta, popanda kunyamula kompyuta kapena kumasula masikuluwu, chifukwa sefa yovuta kuchotsa palibe amene amaitsuka. Funsani wogulitsa akuonetseni mmene sefa ya pansi imatulukira. Ngati imasololokera kumbuyo, dziwani kuti nthawi iliyonse muzidzakoka kompyuta kuichotsa ku khoma.

Palinso nkhani ya kachulukidwe ka mafani. Mafani olowetsa mpweya akakhala amphamvu kuposa otulutsa, mpweya wotsala umatulukira m'ming'alu yonse ya bokosi, ndipo fumbi silipeza polowera kupatula pa sefa. Otulutsa akachuluka, bokosi limayamwa mpweya kudzera m'ming'alu yomweyo, pamene palibe sefa, ndipo pakatha miyezi iwiri m'kati mumafanana ndi msewu wa kumudzi. Mafani awiri kapena atatu a mamilimita 120 kapena 140 kutsogolo, ndi imodzi kumbuyo, n'zokwanira pa makompyuta ambiri. Fani ya 140 imakankha mpweya wofanana ndi ya 120 ikuzungulira pang'onopang'ono, choncho phokoso limachepa. Ndipo kompyuta isakhale pansi pa simenti. Makolo athu sanaike nkhokwe pa dothi, anaikweza pa miyala kuti mpweya uzidutsa pansi ndi kuti tizilombo tivutike kukwera. Mphemvu ndi nyerere zimakonda malo ofunda ndi amdima, ndipo power supply ya kompyuta yokhala pansi ndi nyumba ya lendi yaulere.

Galasi lenilenilo lili ndi mlandu wake. Magalasi a makesi ndi aja owotchedwa kuti alimbe, a tempered. Pakati ndi olimba, koma m'mphepete ndi ofooka, ndipo akagunda chinthu cholimba ngati matailosi amaphulika onse n'kusanduka timiyala. Zithunzi za magalasi ophulikira pa matailosi zadzaza pa intaneti. Galasi lotere silidulidwa kapena kuboolewa likawotchedwa kale, choncho wodula magalasi a mawindo m'tauni sangakusemereni lina lofanana nalo. Likasweka, kompyuta yanu ya mamiliyoni mudzaitseka ndi katoni. Chitseko chachitsulo chikagwa chimangopindika pang'ono, mumachiwongola ndi dzanja. Ndipo galasi ndi lolemera, pamene onyamula katundu wochokera kunja amalipiritsa pa kilogalamu.

Chinthu china chimene chithunzi sichikuuzani ndi miyeso. Kuyambira 1995, pamene Intel inakhazikitsa muyeso wa ATX, motherboard yaikulu imakhala mamilimita 305 ndi 244. Ya microATX ndi 244 mbali zonse, ya mini-ITX ndi 170. Izi ambiri mumadziwa. Zimene mumaiwala ndi kutalika kwa graphics card ndi msinkhu wa choziziritsira processor. Ma RTX 4090 ena amapitirira mamilimita 350 m'litali, ndipo choziziritsira chotchuka cha Noctua NH-D15 ndi chachitali mamilimita 165. Kesi iliyonse yolongosoka imalemba malire ake pa zinthu ziwirizi. Werengani manambalawo musanalipire. M'lifupi mwa kesi namonso muli nkhani. RTX 4090 itangotuluka mu 2022, panamveka madandaulo akuti pulagi yake yatsopano ya magetsi ikusungunuka. Nvidia inati vuto linali kusailowetsa mokwanira, ndipo opanga mawaya ena amalangiza kuti wayayo asapindidwe pa mamilimita 35 oyamba kuchokera pa pulagi. Mu kesi yopyapyala, chimene chimapinda wayayo ndi chitseko cha m'mbali mukachikankha potseka.

Amene akuganiza kuti kamangidwe ka m'kati ndi nkhani yochepa akumbukire kesi ya NZXT H1. Sikuluwu imodzi yomangira kachingwe kolumikiza graphics card inkatha kukhudza njira ya magetsi n'kuyambitsa moto, ndipo mu 2021 makesiwo anaitanidwa kuti akonzedwe ku America. Ngati kampani yodziwika ingalakwitse chotero, nanga bwanji kesi yopanda dzina, imene katoni yake yangolembedwa kuti GAMING ndi chithunzi cha chinjoka?

Makesi otchipa amenewo ndi amene amandiwawa kwambiri, chifukwa ndi amene ana anga ambiri amagula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chitsulo chake n'chopyapyala moti chimapindika ndi chala, m'mphepete mwake n'chakuthwa ngati lezala. Tizitseko ta kumbuyo timene mumachotsa poika graphics card n'tothyola, sitibwereranso, ndipo mukathyola kolakwika mwatsegulira fumbi khomo losatsekeka. Mafani ake amalumikizidwa molunjika ku power supply, ndiye amathamanga pa liwiro limodzi usana ndi usiku, pamene fani yabwino ya mapini anayi imalamulidwa ndi motherboard: kompyuta ikatentha imafulumira, ikazizira imafatsa. Kuseri kwa motherboard kulibe malo obisa mawaya, ndiye onse amaunjikana patsogolo pa mafani. Choopsa koposa, ena amabwera ndi power supply ya bonasi yolembedwa mawati ambiri koma yopepuka ngati paketi ya mabisiketi. Imeneyo musailumikize ku graphics card yanu ngakhale mwaipeza mwaulere. Timagetsi tokongoletsa natonso tili ndi msampha wake: pali ta mavoti 5 ta mapini atatu ndi ta mavoti 12 ta mapini anayi, ndipo mukalumikiza ta 5 pa 12 timapsa nthawi yomweyo.

Onaninso zimene fashoyi yachotsa. Kuti m'kati muoneke mwaukhondo, malo oikamo ma hard disk akulu a mainchesi 3.5 achepetsedwa, m'makesi ena atsala awiri kapena amodzi, obisika pansi pamene mpweya sufika bwino. Kumene intaneti ndi yotchipa zimenezi sizivuta, munthu amafufuta gemu lero n'kuikoperanso mawa. Koma gemu imodzi ya masiku ano imatha kupitirira 100 GB. Kwa ife amene timawerengetsera bandulo, chimene takopera kamodzi timasunga, pamodzi ndi mabuku, mapepala a mayeso akale ndi mavidiyo ophunzitsira. Malo a hard disk kwa ife ndi ofunika kuposa malo oikapo kachidole pansi pa graphics card.

Ndikudziwa zimene mukonzekera kundiyankha, ndipo zina ndi zomveka. Choyamba muti, "Sir, kukongola si tchimo." Zoona. Munthu amene wavutikira ndalama yake ali ndi ufulu wosangalala ndi chimene wagula, ndipo timagetsi tija sitidya magetsi ambiri. Galasi la m'mbali silitchinga mpweya ngati kutsogolo kuli kotseguka, ndipo makesi a tizibowo ndatchula aja ambiri ali nalo. Mkangano wanga uli pa galasi limene laikidwa pamene mpweya umayenera kulowera, ndi pa ndalama ya timagetsi imene ikanagula UPS. Magetsi akathima mwadzidzidzi pakati pa gemu, utawaleza wa m'bokosi sungateteze kalikonse.

Chachiwiri muti, "Nanga Lian Li O11 Dynamic? Ndi ya galasi kutsogolo koma imazizira bwino." Zoonanso. Kesi imeneyi inatuluka mu 2018, kampani ya ku Taiwan inaipanga mothandizana ndi katswiri wa ku Germany Roman Hartung, wodziwika kuti der8auer, ndipo anaiganizira bwino: mpweya umalowera m'mbali ndi pansi n'kutulukira pamwamba. Koma imabwera yopanda fani ngakhale imodzi, ili ndi malo a mafani 9, ndipo inapangidwira anthu oziziritsa ndi madzi. Werengetsani mtengo wa mafaniwo. Fasho imeneyi inafika mpaka pobweretsa mafani a zipsepse zotembenuza, cholinga chake chikhale chakuti mbali yokongola iyang'ane kwa woonerera. Amene ali ndi ndalama yotere achite. Koma kugula chofanizira chake chotchipa, chokhala ndi galasi lomwelo popanda njira zake za mpweya, n'kuvala jekete la suti popanda buluku.

Chachitatu, mphunzitsi mnzanga wa Computer Studies ati galasi limathandiza ana kuona zida za m'kati. Apa ndiye ndikutembenukira kwa ife aphunzitsi, chifukwa mlanduwu ukutikhudza. Ndife amene timaloza bokosi lonse n'kuuza ana kuti iyi ndi CPU, pamene CPU ndi kachidutswa kochepera bokosi la machesi kamene kali m'kati. Timawaloweza mayina a zida kuti akakhoze mayeso, koma labu timaitseka ndi loko ndipo sikuludiraiva imakhala mu ofesi. Mwana amene sanatsegulepo kompyuta amakula akuiona ngati chinthu choyang'ana chabe, ndipo akadzapeza ndalama amagula ndi maso. Kuonera pa galasi sikuphunzitsa dzanja. Tsegulani chitseko, mwana agwire RAM, aichotse, aibwezere.

Zida zophunzitsira tili nazo kale. Makompyuta akale a m'maofesi, a Dell ndi HP, amene amapezeka m'malabu a sukulu, ena mwa iwo ali ndi chivundikiro cha pulasitiki cholondolera mpweya kuchokera kutsogolo kupita pa processor, ndipo ambiri amatseguka popanda sikuludiraiva. Si okongola, koma amene anawajambula ankaganizira mpweya ndi dzanja la wokonza. Yatsani koyilo ya udzudzu pafupi ndi kutsogolo kwa imodzi, ana aone kumene utsi ukupita. Apatseni kachidutswa ka tishu apeze fani yolowetsa ndi yotulutsa. Kenako awerengetse ndowa za mpweya zija pa bolodi. Phunziro limodzi la mphindi 40 lagwira Physics ndi Computer Studies nthawi imodzi, ndipo mwana ameneyo sadzanamizidwa ndi katoni ya chinjoka.

Kwa inu amene muli pafupi kugula, mafunso ndi awa, ndipo muwafunse mu ndondomeko yomweyi:

1. Kutsogolo kuli tizibowo kapena n'kotseka?
2. Masefa a fumbi ali pati, ndipo amatuluka bwanji?
3. Graphics card ndi choziziritsira changa zikwana? Manambala ake ndi ati?
4. Mafani ndi angati, a saizi yanji, ndipo motherboard ingawalamule?
5. Kuseri kuli malo a mawaya? Ma hard disk angalowe angati?
6. Zonsezi zikayankhidwa, ndi pamene mufunse za mtundu ndi timagetsi.

Kwa inu amene munagula kale, musataye kesiyo ndipo musandide. Ikani pulogalamu yaulere ya HWiNFO, sewerani gemu kwa mphindi 30, lembani madigiri a processor ndi graphics card. Chotsani chitseko cha kutsogolo, seweraninso mphindi 30, lembaninso. Kusiyana kukakhala digiri imodzi kapena awiri, mwapambana, kesi yanu ndi yabwino ndipo ndikupepesani tikakumana. Kukakhala kwakukulu, chitsekocho chisungeni m'katoni, pamalo pakepo mumangepo waya wa udzudzu wa pa windo, muzimupukuta Loweruka lililonse. Alendo sadzachita nayo chidwi, koma graphics card yanu idzaona Okutobala wambiri.

Manambala anuwo nditumizireni. Ndikufuna kukawagwiritsa ntchito m'kalasi teremu ikubwerayi.